Galimoto Yokana Kuwoloka Chongwe

Tenson Miti ananyamuka mu Lusaka dzuwa litalowa kale, ndipo sikuti anachita kufuna. Anabwera m'tauni m'mawa kudzaonetsa galimoto yake kwa makaniko, mtima uli m'malo, poganiza kuti mkazi wake Nelesi akadali ndi mwezi wina asanachire. Koma chakumadzulo, iye ndi makaniko uja ali chigonere kunsi kwa galimoto, kunatulukira dalaivala wa lole ya makala yochokera ku Bundabunda kumene Tenson ankakhala, matope ali mpaka m'mawondo.

"A Miti, mukali kuno? Akazi anu matenda ayamba! Nawasiya azimayi ali piringupiringu pakhomo panu."

Tenson anatuluka kunsi kuja mofulumira mpaka anadzigunda mutu. Sanafunse kachiwiri, ngakhale kusamba m'manja sanasambe.

Mwina mukudabwa kuti munthu wa kasitolo ka mchere ndi parafini, m'chaka cha 1955, anali ndi galimoto ya azungu olemera. A ku Bundabunda nawo ankadabwa, ndipo ambiri ankadabwa mokweza. Koma nkhani yake inali yachisoni. Kawiri konse Nelesi anatenga pakati, kawiri konse matenda anamuvuta, ndipo kawiri konse ngolo ya ng'ombe inafika ku mishoni, kumene kunali mzamba, zinthu zitaonongeka kale. Ana awiri, onse obadwa osalira. Azimayi anakawaika okha kudambo monga mwa mwambo, bambo wawo osaona ngakhale nkhope. Tsono Nelesi ataima kachitatu, Tenson analumbira kuti mkazi wake sadzakweranso ngolo. Anagulitsa khola lonse limene anabwera nalo kuchokera kwawo ku Katete, nkukagula galimoto kwa mzungu wina wa pa famu cha ku Chalimbana amene ankabwerera kwawo.

Ha, koma inali galimoto! Yaitali, yakuda bii, yopangidwa ku Ulaya nkhondo yachiwiri isanayambe. Mipando ya chikopa chofiira, matabwa onyezimira kutsogolo, timakatani m'mawindo, ndi galasi lolekanitsa woyendetsa ndi wokwera. Antchito a pa famu ankaitcha Dona, ndipo dzinalo linabwera nayo. Dona ankamwa petulo mopanda chisoni, ndipo kachitsulo kake kakathyoka munkadikira kachokere kutsidya kwa nyanja. Zonsezo Tenson ankapirira. Chimene chinkamusowetsa tulo chinali china.

Dona ankakana kuwoloka mtsinje wa Chongwe.

Popita ku Lusaka ankawoloka bwinobwino, injini ikung'ung'udza ngati mphaka wokhuta. Koma pobwerera kumudzi, akangofika pakamwa pa mlatho, phwii... zii. Tsiku loyamba lenilenilo Tenson anachita kubwereka ng'ombe, ndipo Dona analowa m'Bundabunda akukokedwa, ana akuimba m'mbuyo. Yoramu, mchimwene wake wa Nelesi, anaseka chikhakhali mpaka misozi.

"Alamu, mwagulitsa ng'ombe kuti mugule chinthu chokokedwa na ng'ombe? Nipaseniko nzeru zimenezi!"

Chiyambire pamenepo Tenson ankaonetsetsa kuti afike pa mlathopo masana, pamene pali anthu okankha. Anadzazindikira kuti akaikankha nkupitirira mtsinje, Dona ankalira yekha ngati sipanachitike kanthu. Ndipo makaniko wa tsiku limeneli, atafufuza paliponse, anangopukusa mutu. "Motoka iyi ilibe matenda, a Miti. Kapena odwala ndimwe."

Tsopano kunali mdima, ndipo Tenson ankathamanga pa msewu wa miyala uja mtima uli m'mwamba. Kum'mawa kunkang'anima, mvula yoyamba itagwa masana. Anayamba kunyengerera galimoto ngati mwana. "Dona, mayi wanga, lero lokha. Lero lokha niwolotse. Mawa ukafuna ukagone mwezi wonse." Ataona zitsulo za mlatho zikuyera patsogolo, anaponda mafuta mpaka pansi, ati alowepo ndi liwiro kuti ngakhale izime ikaimire kutsidya.

Zachabechabe! Injini inatsokomola kamodzi, nyali zinathima, ndipo galimoto yonse ija inaima njii pakamwa pa mlatho ngati wina waigwira kumchira.

Anatsika. Anatenga hendulo, chitsulo chopukusira injini, nkupukusa mpaka matuza anaphulika m'manja. Palibe. Anaika phewa kumbuyo nkukankha, mitsempha ya m'khosi ili tolotolo. Dona sanasunthe ngakhale pang'ono. Anayang'ana uku ndi uku, koma msewu wonse unali zii, popanda lole, popanda njinga, achule okha ndiwo ankasokosa kumadzi. Pamenepo mwamuna uja anapsa mtima. Anamenya tayala ndi nsapato, anatukwana Dona, anatukwana mzungu, anadzitukwana yekha, kenako anagwada m'matope nkulira ngati kamwana. Anaona m'maganizo azimayi akutuluka m'nyumba mwake atanyamula kanthu kokulunga m'nsalu, osamuyang'ana kumaso. Ayi, kachitatu ayi!

Anadzuka nkuyamba kuthamanga wapansi. Ankadziwa kuti Bundabunda ndi kutali, kuti akafika kutacha, ndiponso kuti akafika chimanjamanja. Koma kungokhala pamenepo sakanatha.

Ali pakati pa mlatho, hutala ya Dona inalira kumbuyo kwake.

Osati mokuwa ayi. Pang'ono chabe, pii... pii... monga amachitira dalaivala waulemu pakhomo pa bwana wake.

Tenson anaima. Anatembenuka pang'onopang'ono.

Nyali za Dona zinali zitayaka, koma mofiira, ngati makala otsala m'mbaula. Ndipo pambali pake panaima munthu. Wamtali, wowonda, atavala chikhoti cha kaki cha mabatani achitsulo, kumutu kopanda chipewa. Ankapukuta boneti ndi mkono wa chikhoticho, modekha, ngati ndi ntchito yake ya masiku onse.

Wachokera kuti? Msewu unali mbee, panalibe munthu!

Koma munthu wosimidwa sasankha. Tenson anabwerera.

"Moni, bambo," anatero. "Nithandizeniko kukankha. Mkazi wanga ali pa matenda."

Mlendoyo sanadzutse mutu. "Mwamusunga bwino Dona," anatero. Mawu ake anali otsika, a munthu amene watha nthawi osalankhula. "Koma lekani kumutsuka na sopo wochapira. Akhakhala khungu."

"Mumudziwa?"

"Nakhala nikuimikani. Kambiri. Koma masana simuniona."

Tenson anayang'ana dzanja limene linkapukutalo. Chala chachikulu chinali chopindika, chokhotera kumbuyo ngati mbedza. Ndipo chikhoti chija chinali chonyowa, chikudontha, ngakhale mvula inali itakata kalekale.

"Mupita kuti, bambo?"

"Kwathu. Ku mishoni." Mlendoyo anatsegula chitseko cha kumbuyo, nkulowa, nkukhala pakona. "Malo anga omaliza anali kuno."

"Koma siyenda. Yazima."

"Izayenda. Muniuze chabe."

"Nikuuzeni chiyani?"

"Pomwe tili. Na komwe tipita. Munitchule dzina. Ndine Ackim."

Pamenepo Tenson anazindikira chimene ankapemphedwa.

Inu a kwathu mwamva kale, sikufuna kuchita kukumasulirani. Koma pali ena anakulira m'tauni, tsono ndinene. Munthu akamwalirira kutali ndipo mukupita naye kwawo, simungomunyamula ngati thumba la chimanga. Mumamuuza. Pamtsinje uliwonse, pamphambano iliyonse, wachibale amamutchula dzina nkunena kuti uje, tafika pakuti, tikuwoloka, tiye kwanu. Mukapanda kutero thupi lifika, koma mwini wake atsala pomwepo, osadziwa njira. Tenson ankazidziwa bwino zimenezi. Anamva malume ake akuwauza bambo ake omubereka, ulendo wonse wochokera ku migodi mpaka ku Katete. Ndipo ankadziwanso kuti mawu amenewa sauzidwa munthu wamoyo.

Thawa, mtima unatero. Thawa, usacheuke!

Anayang'ana mdima wa kutsidya. Anaganiza za Nelesi. Anaganizanso za akulu a mpingo, kuti atamumva akuchita zimenezi angamuimike pabwalo. Kenako analowa, nkukhala pa chiwongolero, chitseko gwa.

M'galimoto munali kuzizira. Munkanunkha ndere ndi matope a mumtsinje.

"A... a Ackim." Anayesanso. "A Ackim, tafika pa Chongwe. Tiwoloka manje. Tiyeni kwanu."

Sanagwire hendulo. Sanakhudze kanthu. Injini inangolira yokha, mofatsa, nyali nkuwala ngwee mpaka kutsidya. Dona anakwera pa mlatho ngati sanakanepo chibadwire.

Kumbuyo kuja munthu anausa moyo. Kuusa kwautali, kwa munthu wotula katundu.

Tenson anayendetsa maso ali patsogolo. Kagalasi koonera kumbuyo anakapotoza kuti kayang'ane kudenga, chifukwa sankafuna kudziwa ngati muli nkhope kapena mulibe. Pakamtsinje koyamba ananena. Pamphambano ya ku mafamu ananena. Galimoto inkathamanga mopepuka modabwitsa, mabampu osamveka. Mantha anayamba kuphwa pang'ono, ndipo maganizo anabwerera kwa Nelesi. Kodi akadali ndi mphamvu? Kodi azimayi aja ayamba kale kumumwetsa zitsamba zawo? Kodi...

Injini inatsokomola.

Nyali zinafiira.

Galimoto inayamba kulemera, kulemera...

"Mwaniiwala."

Mawuwo anamveka pakhutu penipeni, chonsecho galasi lolekanitsa lija linali lotseka!

Tenson anayang'ana pansi. Madzi! Anali atalowa pakakhwawa kena osakaona.

"Pepani! Pepani, a Ackim! Tili pa kakhwawa ka pa misuku. Tiwoloka. Tiyeni, tiyeni kwanu!"

Dona anadzuka ngati wamenyedwa mkwapulo. Thukuta linkatsika m'khosi mwa Tenson ngakhale kunkazizira chotero, ndipo kuyambira apo sanaphonyenso ngakhale kangalande.

Atasiya msewu waukulu anafika pamphambano ya pa mkuyu, nkuima. Njira ya kumanzere inkapita kunyumba kwake. Ya kumanja inkapita ku mishoni. Apa ndiye panavuta.

"A Ackim," anatero osacheuka, "mkazi wanga ali uku. Nitayako kale ana awiri. Nikapereka inu poyamba, nizachedwa."

Mawu aja anabwera, opanda mkwiyo, opanda kudandaula.

"Nisiyeni pano ngati mufuna. Motoka sizazima. Kulindira nazolowera. Na ine wanga akali kunilindira."

Akanamuopseza, Tenson akanakhota kumanzere osaganiza kawiri. Koma kufatsa kumeneko ndiko kunamulasa mtima. Munthu wamuuza ndi pakamwa pako kuti tiyeni kwanu, mitsinje yonseyi, nkumusiya pamphambano pakati pa tchire? Anaganizanso kuti ku mishoni ndiko kuli mzamba, ndipo angathe kumutenga nkuthamanga naye kunyumba. Anapempha Mulungu kuti asamulange chifukwa cha chisoni, napotoza chiwongolero.

"A Ackim, tili pa mkuyu. Tikhotera kumanja."

Sanapite patali. Potsetserekera kudambo nyali zinagwera pa chinthu chili m'njira. Ngolo! Ngolo yopendekeka, gudumu limodzi litaguluka, ng'ombe zili chiimire. Pambali pake mwamuna ankakupiza chipewa ngati wamisala, ndipo pansi, pa mphasa, panagona munthu, mayi wina atamugwira mutu.

Wokupiza chipewayo anali Yoramu. Yoramu yemwe uja woseka, nkhope yonse misozi yokhayokha.

"Alamu! Alamu, Mulungu ni wamkulu! Tinaona kuti simubwera, tinati tiyese ngolo, manje onani! Mwadziwa bwanji kuti tili kuno?"

Tenson anangoyang'ana njira imene anachokera, nkuganiza za nyumba yake yopanda anthu kumanzere kuja. Akanakhotera kumeneko akanapeza chitseko chotseka.

Wogona pa mphasa uja anali Nelesi, ndipo amuna awiriwo anamunyamula. Mayi uja anali Tisauke, woyandikana nawo nyumba, wodziwika ndi pakamwa. Iye ndiye anatsegula chitseko cha kumbuyo. Mpando unali wopanda munthu. Pakona pokha panali ponyowa, chikopa chitalowa pansi ngati pakhala wina.

"Mugonekeni mbali iyi," anatero Tenson. "Uko kuli munthu."

"Munthu uti?" Tisauke anasuzumira. "A Miti, mwamwa?"

"Lowani, amayi, nthawi yatha!"

Yoramu anakhala kutsogolo, ng'ombe nkuzisiya momwemo. Anatsetsereka mpaka pamadzi a dambo, ndipo apa Tenson anazengereza. Mawu a maliro, m'galimoto muli mayi wapakati ali pa matenda? Ndani anamvapo zotere? Koma injini inayamba kale kutsamwa.

"A Ackim," anatero mokweza, "tili pa dambo la ku mishoni. Tiwoloka."

"Mayo ine!" Tisauke anakuwa, manja kumutu. "Mulaula! Mufuna kumuitanira imfa mwana wa eni? Imani nitsike! A Yoramu, aletseni alamu anu!"

Yoramu anali atauma gwa, maso ali tong'o, akuyang'ana pakona ponyowa paja. Ndi Nelesi amene analankhula, mano ali kukutu.

"Alekeni, amayi. Atate, kambani. Kambani chilichonse, malinga tifike."

Anawoloka.

Nyumba yochiriramo azimayi inali kumapeto kwa mudzi wa mishoni, kuseri kwa tchalitchi. Tenson analiza hutala, ndipo munatuluka mayi wamtali wa imvi zoyamba kumene, nyali ili m'manja. Ameneyu anali Rosaria, mzamba wa pamenepo. Ataona galimoto anaima chilili. Koma Nelesi anabuula, ndipo mzamba ndi mzamba. Anamulowetsa ndi Tisauke.

Tenson anazungulira, nkutsegula chitseko cha mbali inayo. Anavula chipewa.

"A Ackim, tafika kwanu. Tsikani bwino. Zikomo."

Kamphepo kozizira kanamudutsa pankhope. Chikopa cha mpando chinakwera pang'onopang'ono mpaka kusalala. Pakhomo paja Rosaria, amene anabwerera kudzatenga nsalu, anali ataima ngati mtengo. Anatsegula pakamwa, koma m'katimo Tisauke anaitana, ndipo analowanso.

Amuna awiri aja anakhala pa chitsa panja. Yoramu, amene sankatha kukhala chete ngakhale m'tchalitchi, usiku umenewo anangogwira dzanja la mlamu wake lamatuza lija osalisiya. M'nyumbamo munkamveka kubuula, ndi mawu a Rosaria olimbikitsa, kenako kubuula kwina. Atambala analira. Kum'mawa kunayamba kufiira. Ndiye kunagwa bata lija Tenson ankalidziwa, bata limene analimva kawiri, ndipo anaweramitsa mutu kudikira azimayi atuluke osamuyang'ana.

Ng'aa! Ng'aa!

Abale inu, kulira kwake! Kamwana kanakuwa ngati kalandidwa munda. Yoramu analumpha nkuyamba kuvina m'matope, mwamuna wamkulu ndi ndevu zake, ndipo Tenson anangokhala pa chitsa paja akuseka, misozi ili chuchuchu.

Rosaria anatuluka akupukuta manja. "Achira. Ni mwana wamkazi, wamphamvu. Anabwera chokhala, mchombo uli m'khosi. Mukanachedwako pang'ono sembe tikamba zina." Anayang'ana galimoto, nkuyang'ananso Tenson. "Manje niuzeni, bambo. Usiku uja munatsitsa ndani?"

Tenson anafotokoza zonse, kuyambira pa mlatho. Atatchula chikhoti cha kaki, mayiyo anatseka maso. Atatchula chala chopindika, anakhala pansi pomwepo, padothi.

"Hendulo ya motoka yomweyi ndiyo inamuthyola chala," anatero. "Ackim Daka. Mwamuna wanga. Ndiye anali dalaivala wa mzungu uja, kuchokera tsiku lomwe motoka iyi inatsika m'sitima. Anamwalira m'chipatala ku Lusaka chaka chomwe nkhondo inatha. Chikhoti icho tinamuika nacho."

Yoramu anasiya kuvina.

"Mzungu anali kumukonda," Rosaria anapitiriza. "Anati Ackim sakwera lole, nizamupereka nekha. Anachotsa mpando, anaika bokosi kumbuyo uku, malo a wachibale panalibe. Anabwera yekha, na mtima wabwino, kulira ngati mwana. Atafika akulu anamufunsa, kodi munamuuza pa Chongwe? Iye anati, kumuuza chiyani, si wafa? Sanadziwe, mwana wa eni. Tinaika maliro, koma tonse tinadziwa kuti taika chabe thupi." Anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje. "Zaka zonse izi nimulota ali chiimire pa mlatho, wonyowa, ayang'ana mamotoka. Ninapitako na alamu anga kukamuitana, koma sanabwere. Akulu anati azabwera na chomwe chinamusiya. Chiyambire, chitseko changa sinipiringidza usiku. Nimati akafika asavutike."

Anadzuka, nkupita pagalimoto. Anatsegula chitseko cha kumbuyo, nkuika chikhatho pakona paja. Panali patauma. Anakhala choncho kanthawi, kenako anamwetulira, kumwetulira kwa mtsikana.

"Mwachedwa, a Daka," anatero chapansipansi. "Koma mwafika."

Madzulo a tsikulo anthu a pa mishoni anamva chinthu chimene anali atachiiwala, mpiringidzo ukugwa pachitseko cha Rosaria.

Mchombo wa mwana utagwa, Tenson anabwera kudzatenga banja lake. Dona anali atatsukidwa ndi madzi okhaokha, opanda sopo, ndipo wotsukayo anali Yoramu, amene tsopano ankauza aliyense kuti iye ndiye analangiza alamu ake kugula motoka. Nelesi anakhala kumbuyo pa chikopa chofiira chija, khanda lili pachifuwa, timakatani atatsegula kuti mudzi wonse umuone.

Anatsetsereka mpaka padambo. Matayala atakhudza madzi, Tenson anachepetsa liwiro, ndipo mwachizolowezi anatsegula pakamwa. Nelesi anatambasula dzanja pa galasi lija, lomwe tsopano linali lotsegula, nkumugwira paphewa.

"Musakambe, atate. Muno tonse tili amoyo."

Pomwepo kamwana kanadzidzimuka nkuyamba kukuwa, ndipo kanakuwa njira yonse mpaka kunyumba. Palibe amene anakatonthoza.